Timutume kandimverere wa m'foni, koma chikwama tigwire tokha

Aliyense amene anakulira pamudzi amadziwa kuti kutuma munthu kumafuna nzeru. Mwana amene mumamutuma kukagula mchere pagolosale si amene mungamutume kukanena uthenga wa maliro kutsidya la mtsinje, ndipo ngakhale munthu wamkulu amene amafikitsa bwino uthenga wa maliro, si nthawi zonse pamene mungamusungitse ndalama za feteleza. Makolo athu anaziona zimenezi kalekale, n'chifukwa chake anati kandimverere anakanena za m'maluwa, kutanthauza kuti amene mwamutuma kuti akamve nkhani m'malo mwanu akhoza kubwera ndi zina zimene sizinanenedwe n'komwe kubwaloko. Mwambi umenewu wakhala ukundibwerera m'maganizo masiku ano pamene makampani akuluakulu opanga mapulogalamu a kompyuta akutilonjeza kandimverere watsopano, wosatopa, wosagona, wosapempha ya basi, amene azikhala m'foni n'kumatigwirira ntchito zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku.

Pa Chingerezi mapulogalamu amenewa amawatcha ma agent, liwu lomwelo limene ife tinalisandutsa ejenti pamene tinayamba kutumiza ndi kutapa ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Dzinali likuyenera, chifukwa chimene chimasiyanitsa pulogalamu yotereyi ndi mapulogalamu ena a AI (makina otsanzira nzeru za munthu) amene ambiri tayamba kuwazolowera n'chakuti iyo ikayankha funso imapitirira n'kukachita zinthu m'dzina la munthuyo. Mukaiuza kuti ikukonzereni ulendo, imagawa ntchitoyo m'zigawo, imatsegula masamba a pa intaneti, imawerenga makalata anu a imelo, imayang'ana pa kalendala kuti ione tsiku limene muli ndi mpata, imalemba mafomu, ndipo ikapatsidwa chilolezo imatha kulipira. Ikamaliza gawo limodzi imaona chimene chatuluka, kenako n'kusankha chochita china, mpaka ntchitoyo ithe kapena ikanike. Munthu amangonena chimene akufuna, njira yake n'kuisiya m'manja mwa makina.

Maloto amenewa ndi akale kuposa mmene otsatsa malonda amanenera. Mu 1994 katswiri wina wa pa yunivesite ya MIT ku America, Pattie Maes, analemba za mapulogalamu amene angamaphunzire zizolowezi za munthu n'kumamuchepetsera ntchito yosanja makalata ndi kukonza misonkhano, ndipo mu 1997 anatsutsana pagulu ndi Ben Shneiderman wa pa yunivesite ya Maryland, amene ankaumirira kuti munthu ayenera kuona ndi kulamulira yekha chimene kompyuta ikuchita. Nthawi yomweyo kampani ya Microsoft inaika mu Office 97 kachithunzi ka kawaya kopanira mapepala kokhala ndi maso, kamene kankangotulukira kosaitanidwa n'kumafunsa ngati munthu akufuna thandizo polemba kalata, ndipo anthu anakada kwambiri moti pofika Office 2007 kanali katachotsedwa. Siri, pulogalamu yotumidwa pongolankhula nayo, amene analowa mu foni ya iPhone 4S mu Okutobala 2011, anachokera ku kafukufuku wa bungwe la SRI International amene ankalipiridwa ndi nthambi yofufuza ya asilikali a America yotchedwa DARPA. Alexa wa kampani ya Amazon, wotumidwanso pongolankhula naye, anabwera mu 2014, ChatGPT mu Novembala 2022, ndipo mu Januwale 2025 kampani ya OpenAI inatulutsa Operator, pulogalamu yotha kudina yokha mabatani a pa masamba a intaneti monga amachitira munthu. Zaka pafupifupi 30 zapita, makina asintha kotheratu, koma mkangano wa Maes ndi Shneiderman sunathe, ndipo tsopano walowa m'thumba la munthu wamba.

Ine ndili kumbali ya iwo amene akuti timutume ndithu kandimverere ameneyu. Munthu amene sanaimepo pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana pofuna kungosainitsa pepala limodzi ndi amene angaone ngati kusunga nthawi ndi nkhani ya anthu aulesi. Moyo wa munthu wamba wadzaza ndi tintchito tosafuna nzeru zambiri koma todya tsiku lonse: kukumbukira tsiku lobwerera kusikelo, kuwerengera ngati mayunitsi a magetsi afike kumapeto kwa mwezi, kulemba amene watenga katundu pangongole pa okala, kufunsa mitengo ya simenti m'masitolo atatu musanakwere minibasi, kulemba kalata yofunsira ntchito m'Chingerezi chosachititsa manyazi. Anthu olemera akhala ndi owachitira zimenezi kuyambira kalekale, alembi, madalaivala ndi anyamata otumidwa, ndipo sindinamvepo wina akuwadzudzula kuti ataya umunthu wawo. Ngati pulogalamu ingapereke kachigawo ka thandizo limenelo kwa mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lunzu, sindikuona chifukwa chomukanizira.

Pali anthu ena amene kwa iwo nkhaniyi ndi yoposa kusunga nthawi. Pulogalamu ya Be My Eyes, imene inayamba ku Denmark mu 2015, inkalumikiza munthu wosaona ndi munthu wongodzipereka amene ankayang'ana kudzera pa kamera ya foni n'kumuuza chimene chalembedwa pa botolo la mankhwala kapena mtundu wa malaya amene wanyamula, ndipo kuyambira 2023 ntchito ina yotereyi imachitidwa ndi AI, usiku kapena usana, popanda kudikira kuti wina ayankhe. Ndikaganiza za zimenezi ndimakumbukira nkhani za agogo athu, za nthawi imene amuna ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, makalata awo n'kumawerengedwa ndi mwana wa sukulu pakhonde, mayi woyembekezera uthenga wa mwamuna wake ali chete kumvetsera zinsinsi za banja lake zikutuluka m'kamwa mwa mwana wa eni. Kudalira wina kuti akuwerengere kapena akulembere tinakuyamba kale, ndipo mtengo wake timaudziwa. Makina amene angawerengere munthu kalata popanda kukaiulula pachitsime ali ndi ubwino umene sitiyenera kuunyoza.

Kwathu kuno zayamba kale, ngakhale kuti zikadali pa msinkhu woyankha mafunso. Bungwe la Opportunity International linayesa mu 2024 pulogalamu yotchedwa Ulangizi, imene imayenda pa WhatsApp, imayankha m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo imatenga mayankho ake m'buku la malangizo a zaulimi la boma. Mlimi amene chimanga chake chagwidwa ndi ntchemberezandonda, kapena amene nkhuku zake zayamba kuwodzera ngati zagwidwa chitopa, akhoza kufunsa tsiku lomwelo m'malo modikira mlangizi amene ali ndi midzi yambiri yoti ayendere pa njinga imodzi. Chimene chinandikopa pa ntchitoyi n'chakuti foni yamakono imanyamulidwa ndi munthu wophunzitsidwa wa m'dera lomwelo, amene amafunsira alimi anzake n'kuwafotokozera yankho. Ena angaone ngati chimenechi ndi chilema chobwera chifukwa cha umphawi, poti alimi ambiri alibe mafoni otere, koma ine ndikuona kuti m'menemo muli nzeru, chifukwa pakati pa makina ndi munda pali munthu wodziwika dzina amene angathe kunena kuti yankho ili silikugwirizana ndi dothi la kuno.

Kufunika kwa munthu ameneyo kumaoneka tikamvetsa mmene makinawa amalakwira. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amamangidwa pa makina amene anaphunzira kuchokera m'zolemba zochuluka zedi kulosera liwu loyenera kutsatira linzake, choncho amatha kulankhula zoona ndi zabodza ndi mawu ofanana, mosadodoma ndiponso mwaulemu. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti zikalata zotchula milandu yakale imene ChatGPT anangoipeka, yokhala ndi mayina ndi manambala ooneka ngati enieni. Apo makinawo anali atangolemba, munthu n'kulephera kufufuza. Pulogalamu yotumidwa ikalakwa, cholakwacho chimasanduka chochitika, tikiti yagulidwa ya tsiku lina, uthenga wapita kwa apongozi m'malo mwa mnzanu wa kuntchito. Ndipo poti ntchito imodzi imakhala ndi zigawo zambiri, zolakwa zing'onozing'ono zimaunjikana. Tingoyerekeza kuti pulogalamu imakhoza ka 95 pa maulendo 100 aliwonse pa gawo limodzi, zimene zikumveka ngati kukhoza bwino. Ntchito ikakhala ya zigawo 10 zotsatizana, mwayi woti zonse ziyende bwino umatsika kufika pafupifupi 60 pa 100. Mnyamata amene amabwera ndi zolakwika maulendo 4 pa maulendo 10 mukhoza kumutumabe kukafunsa mtengo wa shuga, koma fizi ya mwana simungamupatsire.

Funso lachiwiri ndi limene otsatsa malonda sakonda kuliyankha: kodi mtumiki ameneyu ndi wa yani? Ejenti wa pamsika tonse timadziwa kuti amadya komishoni kuchokera ku kampani ya foni, ndipo podziwa zimenezo timawerenga ndalama zathu tisanachoke pawindo. Pulogalamu ya m'foni imalankhula ngati yanu, imakutchulani dzina, imakumbukira tsiku lanu lobadwa, koma amene anaipanga ndi kuilipirira magetsi ndi kampani imene ilinso ndi katundu wake woti igulitse. Mukaituma kuti ikupezereni malo ogona otchipa, simuona malo amene yawadumpha, ndipo simungadziwe ngati amene yakusankhirani ali pamwamba chifukwa ndi abwino kapena chifukwa mwini wake analipira. Kuti ikutumikireni bwino iyeneranso kudziwa zambiri za inu, kumene mumagona, amene mumawaimbira usiku, matenda amene mumamwera mankhwala, ngongole zimene muli nazo. Mu 2018 chipangizo cha Alexa m'nyumba ina ku Portland ku America chinajambula zimene banja linkakambirana n'kuzitumiza kwa munthu wina amene nambala yake inali m'foni mwawo, kampaniyo n'kufotokoza kuti makinawo anamva molakwa mawu ena ngati lamulo. Chaka chotsatira zinadziwika kuti antchito ena a kampaniyo ankamvetsera zina mwa zojambulidwa pofuna kuwongolera mamvedwe a makinawo. Mwana wa sukulu wowerenga makalata uja ankadziwika makolo ake, ndipo akaulula chinsinsi mumadziwa khomo loti mukagogode.

Nkhani ya khomo logogoda ndi imene ili pamtima pa zonsezi. Pa chikhalidwe chathu nkhoswe imalankhula m'malo mwa banja, ndipo chimene chimaipatsa ulemu n'chakuti zinthu zikavuta imaitanidwa n'kubwera kudzayankha. Nkhoswe yothawa milandu palibe amene angaitumenso. Ku Canada kunachitika mlandu umene uyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wofuna kuika makina pakati pa iye ndi makasitomala ake. Munthu wina amene agogo ake anali atamwalira anafunsa pulogalamu yoyankha mafunso pa tsamba la kampani ya ndege ya Air Canada za mtengo wotsitsidwa wa anthu opita kumaliro, ndipo inamuuza kuti akhoza kugula tikiti pa mtengo wonse n'kudzapempha kubwezeredwa gawo lina pasanathe masiku 90, chonsecho malamulo a kampaniyo sankalola zimenezo. Itakana kumubwezera, munthuyo anakasuma, ndipo kampaniyo inakauza bwalo loweruza milandu ing'onoing'ono la ku British Columbia kuti siingayankhe mlandu pa zonena za pulogalamuyo, ngati kuti inali munthu payokha. Mu Febuluwale 2024 bwalolo linakana maganizo amenewo n'kulamula kampaniyo kulipira madola a ku Canada oposa pang'ono 800. Ndalamazo n'zochepa, koma mfundo yake ndi yolemera, yakuti amene waika mtumiki pakhomo pake ndiye mwini wa mawu a mtumikiyo. Ndikufuna mfundo imeneyi ilembedwe momveka m'malamulo athu mabanki, makampani a foni ndi a inshuwalansi asanadzaze mawindo awo ndi makina, chifukwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangakwanitse kumenya nkhondo ya chaka chathunthu pofuna kubwezeredwa ndalama zochepa.

Palinso khomo lina limene akuba aliona kale. Pulogalamu yotumidwa imawerenga makalata ndi masamba a pa intaneti olembedwa ndi anthu ena, ndipo nthawi zina imalephera kusiyanitsa lamulo la mwini wake ndi mawu amene yangowapeza m'njira. Munthu wachinyengo akhoza kubisa m'kalata mawu ouza pulogalamuyo kuti itumize zikalata zina kapena ichite zimene mwini foni sanaitume, ndipo akatswiri a chitetezo cha makompyuta akhala akuonetsa kuti zimenezi zimatheka ndiponso kuti mankhwala ake okhalitsa sanapezeke. Ife nkhani yotereyi siyachilendo. Ndani sanalandirepo uthenga wakuti ndalama zalowa m'foni mwanu molakwika, chonde bwezani, kapena foni ya munthu wodzitcha wa kukampani wofuna nambala yanu yachinsinsi? Ambiri tinaphunzira kukayikira titapsa kapena titaona mnansi akulira. Tsopano tikufuna kuika pakati pa ife ndi akubawo mtumiki waulemu, womvera, wophunzitsidwa kuthandiza aliyense amene walankhula naye. N'chifukwa chake ndikunena kuti nambala yachinsinsi ya ndalama isaperekedwe kwa pulogalamu iliyonse, ngakhale yochenjera motani, ndipo kulipira kulikonse kuzidikira chala cha mwini wake.

Wina anganditsutse kuti mtumiki amene amabwerera kudzafunsa pa phazi lililonse alibe ntchito, kuli bwino kungopita wekha, ndipo kutsutsa kumeneku kuli ndi nzeru. Anthu akamafunsidwa kawirikawiri kuti avomereze, amayamba kungodina osawerenga, monga timachitira ndi malamulo aatali amene amabwera tikamatsegula akaunti yatsopano. Yankho langa n'lakuti malire aikidwe pa zinthu zimene sizibwezeka. Kufufuza, kuyerekeza mitengo, kukumbutsa, kusanja, kumasulira ndi kulemba kalata yongoyembekezera, zonsezi pulogalamu ichite yokha mmene ingathere, poti ikalakwa timangofufuta. Kutumiza ndalama, kusaina pangano, kusintha mlingo wa mankhwala, kutumiza uthenga umene ungaswe ubale, apa iime, ionetse munthu m'mawu ochepa chimene ikufuna kuchita ndi chifukwa chake, kenako idikire. Winanso anganene kuti anthu nawonso amalakwa, amaba, amanama, ndiye bwanji tikuumira mtima makina. N'zoona, koma mlembi mmodzi akalakwa amalakwira anthu a pawindo lake, pamene pulogalamu imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu mamiliyoni nthawi imodzi, ndipo cholakwa chake chimabwerezedwa paliponse tsiku lomwelo popanda woona.

Za chilankhulo ndinena mwachidule, poti aliyense amene anayesapo akudziwa. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo makina a masiku ano amachilemba bwino kuposa kale, komabe amapunthwa pa miyambi, pa mawu aulemu ndi pa Chichewa chosakaniza cha m'tauni, osanena za Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Mtumiki amene amamva theka la zimene mwanena ndi woopsa kuposa amene samva konse, chifukwa amanyamuka molimba mtima kupita kolakwika. Mtengo nawo ndi mpanda: mapulogalamu amphamvu amalipiritsa m'madola, ChatGPT yolipira inali pa madola 20 pamwezi mu 2023, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama imeneyo inatalikira anthu ambiri, tisanawerengere bandulo ndi foni yeniyeniyo. Ngati sitisamala, mtumiki wa m'foni adzatumikira omwe aja anali kale ndi owatumikira.

Chinthu china chimene sitiyenera kunyengerera ndi chakuti makina azidziulula. Mu Meyi 2018 kampani ya Google inaonetsa pulogalamu yotchedwa Duplex ikuimba foni kumalo okonzera tsitsi kukasungitsa malo, ikudodoma ndi kuvomera ngati munthu weniweni, wolandira foniyo osadziwa kuti akulankhula ndi makina. Anthu atadandaula, kampaniyo inalonjeza kuti pulogalamuyo izinena kuti ndi makina. Kwa ife amene moni ndi chiyambi cha nkhani iliyonse, ndipo timafunsa za ana ndi odwala tisanafike pa chimene tabwerera, kupatsa moni chinthu chimene chikunamizira kukhala munthu ndi chipongwe chimene sichiyenera kuloledwa. Ntchito ya Chipatala cha pa Foni, imene inayamba ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake inapita m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, inakhulupiririka chifukwa woimba ankadziwa kuti kumbali inayo kuli wazaumoyo wophunzitsidwa. Tsiku limene ntchito zotere zidzayambe kuyankhidwa ndi makina, woimbayo auzidwe pachiyambi pomwe, ndipo pakhale njira yachidule yofikira munthu.

Malawi ali ndi poyambira. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024 linapereka udindo woyang'anira nkhani zimenezi ku bungwe la MACRA, ndipo Reserve Bank ndi imene imayang'anira njira zolipirira, kuphatikizapo ndalama za pa foni. Mabungwe awiriwa akhoza kunena poyera, makinawa asanafale, kuti ndalama yotuluka popanda chivomerezo cha mwini akaunti ndi mlandu wa kampani imene inalola pulogalamuyo kulowa, kuti pulogalamu iliyonse yotumidwa izisunga ndondomeko ya zimene yachita m'mawu oti mwini wake angawerenge, ndiponso kuti munthu akhale ndi ufulu wofufutitsa zimene pulogalamuyo ikudziwa za iye akaleka kuigwiritsa ntchito.

Azakhali anga ena amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo vuto lawo lalikulu ndi kuiwala tsiku lokatenga ena kuchipatala. Mdzukulu wawo anawaikira chikumbutso pa foni, ndipo tsopano foniyo ikalira m'mawa amadziwa kuti ndi nthawi ya mbulu umodzi. Nditawafunsa ngati angalole kuti foni yomweyo iziwagulira mayunitsi ndi kulipira ngongole ya ku banki m'khonde payokha, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ikadzalipira kawiri adzapita kukadandaula kwa yani, ndipo ine ndinalibe dzina loti ndiwapatse.